Toma Zdravković, woyimba amene amaliritsa bwana wanu Lachisanu lililonse

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu amene amagwira ntchito pagalaja ina ku Johannesburg. Dzina lake ndasunga. Kalata yake inali yaitali ndipo ndaidula apa ndi apo, koma mtima wake ndi uwu:

"Achimwene, ndimawerenga zimene mumalemba za nyimbo za m'mayiko ena. Bwana wanga ndi mdala wa ku Serbia, munthu wovuta zedi, woti sipanala imodzi ikasowa tonse tsikulo sitidya bwino. Koma Lachisanu tikaweruka amatulutsa botolo la kachasu wa kwawo, n'kutsegula nyimbo za munthu wina dzina lake Toma. Ikamafika nyimbo yachiwiri, mdala uja misozi ili chuchuchu. Mwezi watha anandionetsa filimu ya moyo wa woyimbayo, ndipo muli nyimbo ina yoyimba awiri, mwamuna ndi mkazi, imene imamumaliziratu. Koma ine chimene ndinaonamo ndi chidakwa, wanjuga, wosintha akazi ngati malaya. Nditafunsa, bwana anangoti, 'Anafa alibe kanthu m'thumba, ndiye munthu ameneyo.' Kodi Toma anali ndani? Nanga mtundu wonse ungalemekeze bwanji munthu wotere? Mwina pali chimene ine sindikuona."

Achimwene, zikomo pondikhulupirira ndi funso limeneli. Ndiyambe n'kukuvomerezani kuti maso anu sanakunamizeni. Munthuyo ankamwa, ankatchova njuga, ndipo anakwatira kanayi. Ngakhale amene amamukonda kwambiri ku Serbia sakana zimenezi. Ena amachita kuzinyadira, ndipo apo ndi pamene ine ndimasiyana nawo, bwana wanu kuphatikizapo. Koma inunso mwagamula mlandu mutamva mbali imodzi. Filimu ija inakuonetsani botolo. Ntchito imene munthuyo anagwira usiku ndi usiku kwa zaka zoposa 30 ndi yovuta kuiona ngati chilankhulo chake simuchimva, ndiponso ngati simunakhalepo pansi m'nyumba zimene ankayimbamo.

Dzina lake lonse ndi Tomislav Zdravković. Chilembo chomalizira chija, ć, chimamveka pafupifupi ngati "tch" wathu, ndiye mukafuna kuseketsa bwana wanu mum'tchule bwinobwino kuti Zdravkovitch. Anabadwa pa 20 November 1938 m'tauni ya Aleksinac, koma anakulira m'mudzi wa Pečenjevce, kufupi ndi mzinda wa Leskovac kummwera kwa Serbia, mtunda wa makilomita pafupifupi 280 kuchokera ku Belgrade. Masiku amenewo Serbia inali chigawo cha dziko lalikulu lotchedwa Yugoslavia. Achikulire a ku Zambia akulikumbukira dzikoli, poti mtsogoleri wake Tito ndi a Kaunda anali paubwenzi wa ponda apa m'pondepo, ndipo holo ya Mulungushi ku Lusaka inamangidwa ndi kampani ya kumeneko pokonzekera msonkhano wa mu 1970. Toma ali ndi zaka ziwiri zokha, mu April 1941, asilikali a Hitler analowa m'dzikomo. Ubwana wake unali wa nkhondo, kenako wa umphawi wa pambuyo pa nkhondo, m'banja la ana asanu.

Kummwera kumeneku kuli khalidwe lakelake. Aturuki analamulira chigawochi kwa zaka mazanamazana, mpaka m'zaka za m'ma 1870, ndipo zimenezi zimamveka m'kapotokedwe ka nyimbo zawo. Kulinso oyimba ambiri a mtundu wa Aroma (aja ena amawatcha Majipsi), amene ukwati sungayende popanda iwo. Leskovac imatchuka ndi nyama yootcha, tsabola, ndi mafakitale a nsalu amene kale ankadyetsa mzindawo. Anthu a ku Belgrade amawaseka akummwera kalankhulidwe kawo, monga mmene a m'tauni amasekera a kumudzi kulikonse. Toma anachokera kumeneko, kwa osekedwa.

Ali mnyamata anasiya mudzi n'kupita ku Leskovac kukasaka poyimba. Palibe amene ankamufuna. Nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi yakuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nyengo yozizira, mtsikana wina woyimba anamupeza atakhala m'paki, wanjala, atavala kajekete kosagwira mphepo. Anamudyetsa, n'kumutengera kumene iye ankayimba kuti amumve. Mtsikanayo anali Msilamu wa ku Doboj ku Bosnia, dzina lake lobadwa nalo Zilha Bajraktarević, koma dziko lonse linadzamudziwa kuti Silvana Armenulić. Dzinali mulisunge, tibwerera.

Tsono musanamve zambiri za Toma muyenera kudziwa kafana, chifukwa popanda iyo nkhani yake ilibe mutu. Mawuwa anabwera ndi Aturuki ndipo poyamba ankatanthauza nyumba yomweramo khofi. Tikati bala tachepetsa, tikati lesitilanti tanama. Ndi malo amene anthu amadya, kumwa, kugwirizana za malonda, kukangana za ndale, kuyambitsa chibwenzi ndi kulira chikatha, zonsezi patebulo limodzi loyalidwa nsalu ya timabokosi tofiira ndi toyera. Kachasu amene bwana wanu amatulutsa uja dzina lake ndi rakija. Amatcheza kuchokera ku zipatso, makamaka maplamu, ndipo m'kafana ndiye mwini mudzi.

Ine ndinalowamo kamodzi, zaka zingapo zapitazo, nditapita ku Belgrade pa zantchito. Mnzanga wa komweko ananditengera ku Skadarlija, kamsewu kakale koyalidwa miyala komwe makafana andandana mbali zonse. Oyimba ake analibe nsanja. Anali anayi, wa akodiyoni, wa vayolini, wa gitala ndi wa chibesi chachikulu choimirira chija, ndipo ankayenda tebulo ndi tebulo. Pafupi ndi ife panali bambo wina wa imvi, wovala jekete labwino, amene kwa ola lathunthu ankangodula nyama yake mwaulemu ngati mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito. Oyimba atafika, anakodola wa akodiyoni n'kumunong'oneza. Nyimbo itangoyamba, bambo uja anaika foloko pansi, anapinda ndalama n'kuilowetsa m'makwinya a akodiyoni, pamene pamatseguka ndi kutsekeka paja. Kenako anakweza manja onse awiri, maso ali tsinzi, n'kuyamba kuyimba nawo mawu akunjenjemera. Woyimbayo anawerama mpaka mphumi zawo zinatsala pang'ono kugundana, ngati nyimboyo akumuuza iye yekha. Mkazi wa bamboyo sanachite manyazi, anangomugwira paphewa. Woperekera zakudya anawalambalala ndi mbale zake osacheuka n'komwe. Nditafunsa, mnzanga anati kwawo amanena kuti nyimbo yamulasa. Inali nyimbo ya Toma.

Kufupa oyimba ife timakudziwa, koma ife timafupa tikakondwa. M'kafana munthu amatulutsa ndalama kuti amugwire pachilonda. Ali ndi mawu ake, dert, onena chisoni cha mumtima chimene mwini wake safuna kuti chimuchoke msanga. Zikafika pena, wina amaswa tambula pansi, phwaa, n'kulilipira pabilu osanyinyirika.

Taganizirani tsono ntchito ya woyimba m'malo otere. Sayimba ndandanda imene wakonza kunyumba. Ayenera kukhala ndi nyimbo mazanamazana m'mutu, za ku Serbia, za ku Bosnia, za ku Macedonia, za Aroma, ngakhale za ku Italy zimene zamveka pawailesi sabata yomweyo. Ayenera kuona ndi diso limodzi kuti uyu mkazi wamuthawa, uyu wagulitsa ng'ombe lero, uyu akamwa lina ayambitsa ndewu. Ayenera kudziwa nthawi yotsitsa mawu ndi nthawi yosiyira tebulo kuti lidziyimbire lokha. Ndipo tebulo lililonse limene waliyimbira bwino limamugulira tambula, kukana n'chipongwe. Matebulowo muwerenge nokha, usiku uliwonse, chaka ndi chaka. Sindikumuikira kumbuyo, koma mowa wa Toma unayamba ngati fumbi la m'mapapo a munthu wa mumgodi. Unabwera ndi ntchito. Kungoti iye anafika poukonda.

Atachoka ku Leskovac anayimba m'matauni osiyanasiyana, n'kukakhalitsa ku Tuzla, mzinda wa mchere ndi malasha ku Bosnia, komwe ankayimba pahotela ya Bristol. Kuchoka uko anakalowa Belgrade. Malekodi ake oyamba anatuluka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo chimene ambiri amaiwala n'chakuti sanayambe ngati woyimba za kumudzi. Ankayimbanso za m'tauni, zovinira, zotengera kayimbidwe ka kumadzulo kwa Ulaya. Mawu ake sanali aakulu. Panali oyimba ngati Šaban Šaulić, amene mawu awo ankakwera n'kupotoloka ngati njoka pamtengo, ndipo Toma akanati apikisane nawo pamenepo akanagwa chagada. Iye ankayimba ngati akulankhula, mosafulumira, mawu olema pang'ono, ngati munthu amene wakhala nawe kuyambira madzulo ndipo tsopano kukucha akufuna kukuuza zoona. N'chifukwa chake ambiri amamuyerekeza ndi oyimba a ku France ngati Charles Aznavour kusiyana ndi oyimba a paukwati a kwawo.

Apa ndikonze kanthu kena. Mukamva kuti Toma anali woyimba nyimbo za chikhalidwe, musaganize za nyimbo zopanda mwini, zoyimbidwa pamtondo kapena kumunda. Zimenezo ziliko. Koma mtundu umene Toma anatchuka nawo amautcha novokomponovana narodna muzika, kutanthauza nyimbo za anthu wamba zopekedwa chatsopano. Zili ndi mwini, zimajambulidwa mu situdiyo, zimagulitsidwa m'sitolo. Zinakula chifukwa nkhondo itatha boma la Tito linamanga mafakitale, ndipo anthu miyandamiyanda anasiya makasu n'kukakhala m'nyumba zosanja za m'tauni, thupi lili kufakitale koma mtima uli kumudzi. Mu 1968 Yugoslavia inasainirana pangano ndi West Germany lotumiza antchito, ndipo amuna ambirimbiri anakwera sitima kupita ku Munich, Stuttgart ndi Frankfurt, ena ku Vienna. Ankawatcha gastarbajteri, antchito achilendo. Inu za Theba ndi Wenela munazimva kwa agogo, ndipo nokha mukudya thukuta lanu kutali ndi kwanu, ndiye simukufunika kuuzidwa chimene munthu wotere amafuna kumva Loweruka usiku. Ophunzira a m'mizinda ankazinyoza nyimbozi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 boma linafika poika msonkho wapadera pa malekodi ndi mabuku amene akomiti awaweruza kuti ndi šund, ndiye kuti zinyalala, ndipo nyimbo za mtundu umenewu ndi zimene zinkagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri. Anthu ankagulabe.

Chaka chimene chinasintha zinthu ndi 1969. Pa chikondwerero cha nyimbo cha ku Ilidža, kufupi ndi Sarajevo, Toma anayimba "Odlazi, odlazi", kutanthauza kuti "Choka, choka", ndipo dzina lake linamveka dziko lonse. Chaka chomwecho Silvana Armenulić anajambula nyimbo imene Toma anapeka, "Šta će mi život", ngati kunena kuti "Moyo n'ngwachiyani kwa ine". Inagulidwa modabwitsa, ndipo mpaka lero ukatchula Silvana anthu amayamba kuing'ung'udza. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mtsikana amene anagulira chakudya mnyamata wanjala m'paki anadzalandira nyimbo yaikulu kuposa zonse za moyo wake kuchokera kwa mnyamata yemweyo. Sanaidyerere nthawi yaitali. Pa 10 October 1976 Silvana anafa pangozi ya galimoto kufupi ndi Kolari, pamsewu waukulu wa pakati pa Belgrade ndi Niš, pamodzi ndi mng'ono wake komanso katswiri wa vayolini Rade Jašarević. Anali asanakwanitse zaka 40.

Chimene chinamusiyanitsa Toma ndi anzake ambiri n'chakuti nyimbo zambiri ankapeka yekha, ndipo ankapeka za iye mwini. Mukayang'ana mayina a nyimbo zake mupeza mayina a akazi, "Danka", "Branka", "Anđela", "Za Ljiljanu". Palinso "Buket belih ruža", mpukutu wa maluwa oyera, imene amati anaipekera chibwenzi chake cha paunyamata chimene chinadwala n'kumwalira. Omvera ankadziwa kuti munthu akuwayimbirayu sakubwereka chisoni cha wina. Ankamuona dzulo lake patebulo lapangodya, lero akumva zomwezo pawailesi. M'dziko limene nyimbo zambiri zinkapekedwa ndi akatswiri n'kugawidwa kwa oyimba ngati mayunifolomu, chimenechi chinali chuma.

Za ndalama, nkhani zake n'zambiri, ndipo zina zinakula pokambidwa monga zimakhalira nkhani za kumowa. Koma zonse zimaloza kumodzi. Pamene anali pachimake ankapeza usiku umodzi ndalama zimene wa kufakitale ankazigwirira miyezi, ndipo kukamacha zinali zitapita. Zina ankafupa oyimba anzake, poti akamaliza kuyimba iye ankakakhala pansi kwina n'kuyamba kuitanitsa nyimbo ngati kasitomala. Zina ankapatsa operekera zakudya ndi aliyense wobwera ndi vuto. Zotsala zinkathera panjuga. M'zaka za m'ma 1970 dzina lake litayamba kuzilala anapita ku America ndi ku Canada, n'kumayimbira a kwawo okhala kumeneko m'makalabu ndi m'malesitilanti awo. Ku Canada ndi kumene anakumana ndi mkazi wake wachinayi, amene anakhala naye mpaka imfa. Nthawi imeneyi n'kuti matenda atamuyamba kale, khansa ya prostate, imene analimbana nayo zaka zoposa 10, madokotala akuletsa mowa, iye akuvomera masana n'kuiwala usiku.

Anabwerera kwawo chakumapeto kwa zaka zimenezo, ndipo mu 1979 anatulutsa chimbale chotchedwa "Umoran sam od života", kutanthauza "Ndatopa nawo moyo". Apa ndi pamene Toma amene bwana wanu amamulirira anabadwa. Mnyamata wa tsitsi losalala wa mu 1969 uja anali atapita. Anabwera bambo wa nkhope yotopa, wodwala, woti akanena kuti watopa sumufunsa umboni. Mu 1982, atayimba m'makafana zaka zoposa 20, anachita konsati yakeyake yoyamba ku Dom sindikata, holo yaikulu ya mabungwe a apantchito pakati pa Belgrade, malo amene woyimba wa m'kafana sankayembekezeka kuimapo yekha. Inadzaza. Ndipo amene anadzaza sanali oyendetsa matakisi ndi a kufakitale okha. Munali azisudzo, atolankhani, aphunzitsi a kuyunivesite, anthu omwe aja ankati nyimbozi ndi zinyalala. Chaka chotsatira anaoneka akuyimba mufilimu ya "Balkan ekspres". Mu 1984 kunatuluka "Dotak'o sam dno života", kunena kuti "Ndafika pansi penipeni pa moyo", imene mwina ndi imene mumaimva kwambiri pagalajapo.

Ndiime pang'ono pa nyimbo imeneyi, chifukwa ndi imene imandipatsa maganizo awiri. Kayimbidwe kake n'kosasimbika. Amayamba motsitsa ngati munthu woulula machimo, ndipo ngakhale sukumva Chisebiya umadziwa kuti apa munthu wagonja. Koma ukafunsa tanthauzo, upeza kuti pamapeto pake mlandu wonse akuukankhira kwa mkazi, mpaka kumutemberera. Pamenepa mpamene diso lanu, achimwene, laona chimene bwana wanu sakufuna kuona. M'nyimbo wolakwiridwa ndi mwamuna. Kunyumba amene ankadikira mpaka tambala woyamba, osadziwa ngati ndalama ya lendi yapulumuka panjuga, anali akazi, ndipo palibe amene anawapekera nyimbo yonena mbali yawo. Kuwolowa manja kwa m'kafana kuli ndi amene amakulipirira, ndipo kawirikawiri sakhala patebulopo. Choncho mawu akuti "anafa alibe kanthu, ndiye munthu ameneyo" ine sindiwavomera. Zidakwa zofa zilibe kanthu zadzaza manda a dziko lililonse, ndipo palibe amene amaziyimba. Chimene Toma anasiya ndi nyimbo zopekedwa mwaluso ndi munthu amene anaphunzira anthu patebulo kwa zaka 30. Akanamwa pang'ono, mwina zikanachuluka.

Komabe ndikumvetsa chimene mdala wanu akufuna kunena, ngakhale wachinena mokhota. M'dziko lililonse muli anthu otchuka amene akangokwera amayamba kukuyang'ana ngati ndiwe ngongole. Toma sanasamuke patebulo. Atadzaza holo ya Dom sindikata ankabwerera kukakhala ndi anthu omwe aja, kumwa chimodzimodzi, kuluza chimodzimodzi. Mwamuna wa ku Balkan, chigawo cha Ulaya chimene muli Serbia, analeredwa ngati mmene tinaleredwera ife, kuti mwamuna salira. Toma anawapatsa mphindi zinayi zimene kulira kumaloledwa, pagulu, popanda wokuseka. Bwana wanu sabata yonse amakalipira sipanala chifukwa ndi chokhacho chimene amaloledwa kukalipira. Lachisanu amatsegula nyimbo.

Palinso china, ndipo ndikuganiza kuti ndicho chachikulu. Chimbale chomaliza cha Toma chinatuluka mu 1990, dzina lake "Kafana je moja sudbina", ngati kunena kuti kafana ndi imene ndinalembedwera. Anamwalira pa 30 September 1991 m'chipatala cha asilikali ku Belgrade, ali ndi zaka 52, ndipo anaikidwa m'manda a Centralno groblje mumzinda womwewo. Tayang'anani tsikulo. Pa 25 June chaka chomwecho Slovenia ndi Croatia zinali zitalengeza kuti zachoka mu Yugoslavia. Pamene Toma ankatsirizika, mzinda wa Vukovar unali ukuphwanyidwa ndi mizinga. Patangotha miyezi yochepa, mu April 1992, moto unafika ku Bosnia. Tuzla kumene anaphunzirira ntchito, Ilidža kumene anatchukira, Doboj kwawo kwa Silvana, Sarajevo imene inazingidwa pafupifupi zaka zinayi, onsewa anasanduka mayina a m'nkhani za maliro. Toma anafa pamodzi ndi dziko limene ankayimbira. Sanafike pofunsidwa kuti ali mbali iti, ndipo nyimbo zaphokoso za turbo-folk zimene zinadzaza ma TV a ku Belgrade m'zaka za nkhondo, pamodzi ndi zigawenga zovala matcheni agolide, zinabwera iye atagona kale. N'chifukwa chake lero nyimbo zake zimayimbidwa ku Belgrade, ku Sarajevo ku Bosnia, ku Podgorica ku Montenegro ngakhale ku Zagreb ku Croatia, ndi anthu amene pa zina zonse sagwirizana. Chilankhulo amamvana, ngakhale aliyense amachitcha dzina lake.

Ngati bwana wanu ali m'gulu la amene anachoka kwawo m'zaka za m'ma 1990, pothawa usilikali kapena umphawi wa nthawi imene boma linkasindikiza ndalama ya pepala ya madinala 500 biliyoni mu 1993, ndiye kuti misozi ija si ya mkazi wa m'nyimbo yekha. Akulira dziko limene mnyamata Mkhristu wa ku Serbia ankatha kudyetsedwa ndi mtsikana Msilamu wa ku Bosnia popanda wofunsa za mtundu. Kaya dzikolo linalidi lokoma choncho ndi nkhani ina, poti linali ndi ndende zake ndi mabodza ake. Koma munthu akakhala kutali amakumbukira zimene akufuna. Inu mukamva nyimbo ya kwathu mu minibasi ya ku Joni, mumakumbukira mzere wa pachigayo kapena fungo la mvula yoyamba?

Ku Leskovac, mzinda umene unamukana ali mnyamata, anamuimikira chipilala mu 2011, patatha zaka 20 chimwalirireni. Mng'ono wake Novica nayenso anali woyimba, koma anakhala moyo wake wonse mumthunzi wa mkulu wake.

Tsono za filimu ija. Dzina lake ndi "Toma", inatuluka mu 2021, wotsogolera anali Dragan Bjelogrlić, ndipo amene anasewera ngati Toma ndi Milan Marić. Inayamba kuonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Sarajevo, ndipo ngakhale inali nthawi ya Covid, anthu anakhamukira m'maholo m'mayiko onse a chigawocho, n'kumatuluka maso ali psuu. Ndi filimu yabwino, koma muionere ngati filimu. Inasanja zinthu kuti zikome. Imakusiya ukuganiza kuti Silvana ndiye anali chikondi chachikulu cha moyo wa Toma, pomwe ambiri amene ankawadziwa amati awiriwa anali mabwenzi ndi anzake a pantchito. Mawu amene mumamva akuyimba m'filimumo si a Toma, ndi a woyimba wa masiku ano Aco Pejović. Ndipo nyimbo ya awiri ija, imene mukuti imamumaliza mdala wanu, dzina lake ndi "Ponoć", kutanthauza pakati pa usiku. Toma sanaimvepo. Anaipekera filimuyo Željko Joksimović, Toma atatha zaka pafupifupi 30 ali m'manda, ndipo anaipeka mwaluso moti ambiri amalumbira kuti ankaimva ali ana.

Mukafuna kumumva mwiniwake, fufuzani pa YouTube makanema akale a makonsati ake a m'zaka za m'ma 1980. Muyambe ndi "Prokleta nedelja", Lamlungu lotembereredwa, kenako "Danka", kenako mumvere Silvana akuyimba "Šta će mi život". Muyang'ane manja ake ndi mmene amadikirira asanatulutse mawu otsatira. Lachisanu likudzali mum'pemphe bwana wanu akumasulireni mzere ndi mzere, mum'funsenso kuti nyimboyo anaimva koyamba ali kuti ndipo anali ndi ndani. Koma zoti "Ponoć" si ya Toma musamuuze botolo lili pakati. Mudikire Lolemba m'mawa, masipanala onse ali m'malo mwake.